Nkhunda za a Chidindo

Kwa a Chidindo munthu sankalowa ndi moni, ankalowa ndi sopo. Pakhonde penipeni panali beseni, ndowa ya madzi ndi kansalu kopukutira, ndipo mlendo aliyense, kaya ndi abusa kaya ndi alamu, asanafunse n'komwe kuti mwadzuka bwanji, ankakumana ndi funso lakuti, "Mwasamba m'manja?" Ukati eya, lachiwiri linali kale pakamwa: "Ndi sopo?"

Dzina lakuti Chidindo analitenga kuntchito. Zaka makumi atatu ndi ziwiri bamboyu anali woyeza nyama kumalo ophera ng'ombe a mumzinda, jekete loyera, jombo zoyera, mpeni m'chiuno, chidindo m'thumba. Ng'ombe ikaphedwa n'kupachikidwa pa mbedza, iwo ankang'amba chiwindi, kusisita mapapo, kusuzumira m'kamwa, kenaka n'kugamula. Yabwino ankaimenya chidindo pantchafu, pha! Yodwala ankaithira mankhwala onunkha n'kuitumiza kudzenje, mwini wake akulira ngati pagwa maliro. Za chonde iwo sankamva. Ankanyada kuti pa zaka zonsezo palibe ndi mmodzi yemwe amene anadwala ndi nyama yodutsa m'manja mwawo, ndipo tisawanamizire, zinalidi choncho.

Mavuto anayamba atapuma pantchito. Ng'ombe zitawasowa, a Chidindo anayamba kuyeza banja. Mkaka uwire kawiri. Nyama ipse mpaka iiwale kuti inali nyama. Pa nthawi ya chakudya ndiye panali sukulu yaulere: chiwewe chimachokera kwa galu, chifuwa chachikulu china chimabwera ndi mkaka wosaphitsa, nyongolotsi ya nkhumba imakwera mpaka mu ubongo. Mwana wawo wamkazi, yemwe ankaphunzitsa kusekondale ndipo ankakhala payekha kutsidya kwa mzinda, anasiya kubwera nthawi ya nkhomaliro. Ankati munthu sungadye bwino wina akukufotokozera za nyongolotsi.

Wopirira anali mayi a m'nyumbamo. Iwo anali telala, makina awo ali m'chipinda chakutsogolo, mayi wofatsa, wa chifuwa cha mphumu kuyambira ali mtsikana. Chuma chawo chinali mphaka wakuda wa khutu limodzi long'ambika, amene ankagona pa zigamba pansi pa makina. A Chidindo ankadana naye mphakayo kuchokera pansi pa mtima. Koma mdani wamkulu anali kuseri kwa mpanda: mayi wamasiye woweta nkhumba zinayi, yemwe msewu wonse unkangomutchula kuti aneba. Makalata omudandaula ku khonsolo anali atakwana asanu ndi awiri, onse otaipa bwino, ndipo makope ake anali mufailo.

Tsono munthu waukhondo chotereyu, abale inu, anali ndi nkhunda makumi awiri ndi zinayi.

Khola lake linali kuseri kwa nyumba, la matabwa, la nsanjika ziwiri, lopaka penti wobiriwira, lokongola kuposa bafa la banja. A Chidindo akalowa pabwalo ndi mapira m'thumba n'kuimba kamluzu, nkhunda zinkawatera pamapewa, pamutu, pamikono. Inalipo imodzi yotuwa, ankaitcha Kaphulusa, yomwe inkadyera pamilomo pawo. Ankazinyamula m'dengu lovindikira, kukwera nazo basi ulendo wautali, kukazitulutsa kumeneko, ndipo pobwerera ankazipeza zili kale padenga zikukonza nthenga. Pamenepo chifuwa chawo chinkatukuka.

"Nkhunda siisochera," ankatero kwa aliyense wofuna kumva, ngakhale wosafuna. "Amasochera ndi anthu."

Mwina mukufunsa kuti woyeza nyama wathuyu sankaziopa bwanji mbalamezi. Yankho lake n'losavuta. Buku lawo lakale la kuntchito linali ndi mutu wa ng'ombe, wa nkhumba, wa mbuzi, wa nkhosa ndi wa nkhuku. Wa nkhunda munalibe. Ndipo pa zaka makumi atatu ndi ziwiri sanaonepo nkhunda itapachikidwa pa mbedza kudikira chidindo. Chimene sanachiyezepo, kwa iwo chinalibe mlandu.

Koma khola nalo linkayenera kukhala laukhondo, ndipo lamulo linali lakuti lizisesedwa m'mawa uliwonse. Osawaza madzi, chifukwa madzi amaoletsa matabwa komanso amazizira maunda. Eni akewo msana unkawavuta, zaka zowerama pa ziwindi zija. Ndiye wosesa anali ndani? Mayi aja. Ankamanga duku, kutenga tsache, kulowa chowerama m'kakhomo kakang'onoko, n'kumapala zitosi zouma mpaka fumbi kobo. A Chidindo ankaima panja, mbali yochokera mphepo, akuloza ndi kandodo.

"Pakona paja mwasiya, amayi."

Mayiwo ankatuluka ali mbuu, nsidze zomwe, akutsokomola. Ndipo asanagwire chitseko cha kukhitchini ankamva kumbuyo kwawo: "Musambe m'manja. Ndi sopo."

Mwezi wina nkhunda zingapo zinayamba kukhala ndwii, nthenga nyankhalala, maso akuchucha. Maunda awiri anafa. A Chidindo anati ndi mantha, mphaka uja amaziopseza. Patapita sabata ndi theka mayi aja anagona. Mutu unkawawa ngati wina akukhoma misomali, thupi moto, kachifuwa kouma kosatulutsa kanthu. Kukachipatala kakang'ono ka m'dera anawayeza malungo, sanawapeze, anangowapatsa mankhwala opha ululu.

A Chidindo anavala magalasi. Apa ndiye panali ntchito yawo. Matendawa, anatero, ali ndi fungo la chiweto, ndipo woganiziridwa woyamba anali pomwepo pabedi, atadzipinda pamapazi a wodwala.

"Abambo, musiyeni mphaka wanga," anatero mayiwo mawu akusasa. "Ndi amene akundifunditsa mapazi."

"Akukufunditsani matenda. Ine ndikudziwa chimene ndikunena."

Anavala magolovesi, kumuika mphaka m'thumba, kukamusiya kuseri kwa msika. Pobwera anataipa kalata yachisanu ndi chitatu yonena za nkhumba za aneba. Mtima wawo unali m'malo, ngati munthu amene wagwira ntchito yake bwino.

Nanga khola? Khola silinamve zoti kunyumba kuli matenda. Zitosi zinkaunjikana, ndipo a Chidindo zinkawapweteka m'maso. M'mawa wachitatu anasuzumira kuchipinda n'kunena mofatsa ndithu kuti kugonagona kumalemeretsa thupi, amayi atangoyesako pang'ono kuwongola miyendo, tsache lili pakhomo. Mayiwo anadzuka, poti anazolowera kudzuka. Anasesa tsiku limenelo. Tsiku lotsatira anagwa pakhomo pa khola, tsache lili m'manja, milomo itada.

Amene anakuwa anali aneba, ataona kudzera pa mpata wa mpanda. Ndi iwonso amene anaimbira foni mwana uja, chifukwa a Chidindo anangoima kakasi, kandodo kali m'manja. Mwanayo anafika ndi galimoto lake, osapereka moni, osasamba m'manja, n'kuwanyamula amayi ake kupita nawo kuchipatala chachikulu.

Masana ake, mayiwo ali pa mpweya wa okosijeni, adokotala anaitana bambo ndi mwana m'kaofesi. Anali mayi wachitsikana, msinkhu wa mwana wawo yemweyo, zimene a Chidindo sizinawasangalatse. Iwo anali atabwera ndi failo lija, ndipo anayamba kufotokoza okha asanafunsidwe: mphaka anachotsedwa kale, zatsala ndi nkhumba zinayi kuseri kwa mpanda, makalata ndi awa.

Adokotala anamvetsera mwaulemu, kenaka anafunsa kuti, "Kodi amayiwa tsiku lawo limayenda bwanji? Akadzuka m'mawa amayamba n'chiyani?"

"Amasamba m'manja," anayankha a Chidindo.

"Amasesa khola la nkhunda," anatero mwana uja, osawayang'ana bambo ake. "Tsiku lililonse. Chaka chino n'chachisanu ndi chimodzi."

"Iwe mwana iwe, nkhunda zikubweramo bwanji apa? Adokotala, ine ndayeza nyama zaka makumi atatu ndi ziwiri. Nkhunda ilibe matenda opatsira munthu. M'buku mulibe."

Adokotala sanatsutsane nawo. Anangoyatsa nyali ya pakhoma n'kupachikapo chithunzi cha m'chifuwa cha mayi aja.

"Poti mapapo mumawadziwa, bambo, taonani nokha."

A Chidindo anayandikira, kukonza magalasi. Chithunzi cha mtundu umenewu sanazolowere, koma mapapo ankawadziwa ngati chikhatho chawo. Mbali ya kumanja, cha m'munsi, pamene panayenera kukhala popanda kanthu, panali chimtambo. Ndipo ganizo loyamba kubwera m'mutu mwawo, lisanapemphe n'komwe chilolezo, linali la kuntchito: mapapo otere ndikanawatumiza kudzenje. Anakhala pansi.

"Ichi ndi chibayo," anatero adokotala. "Pali matenda amene mbalame zimanyamula, zina osaoneka n'komwe kuti zikudwala. Tizilombo take timakhala m'zitosi. Zitosi zikauma, munthu n'kumazisesa osawaza madzi, fumbi lonse limathera m'chifuwa. Titumiza magazi kuti titsimikize, koma mankhwala tawayamba kale. Kodi posesapo ankawaza madzi?"

Mwana uja anatembenuka, ulendo uno n'kuwayang'ana bambo ake m'maso.

"Madzi amaoletsa matabwa," anatero a Chidindo, ndi mawu aang'ono kwambiri moti iwo eni sanawazindikire.

Masiku anayi otsatira bamboyu anawathera pabenchi la panja pa wodi, failo lili pamiyendo. Ankachita mantha, mantha enieni, amene sanawamvepo chibadwire. Akazi awo anakhala nawo zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, ndipo anazindikira kuti sankadziwa kumene amasunga singano, shuga, ngakhale makadi a kuchipatala. Tsiku lachisanu kutentha thupi kwa mayi aja kunatsika, okosijeni anachotsa. Zotsatira za magazi zitabwera zinagwirizana ndi adokotala, osati ndi buku.

Powatulutsa, adokotala ananena mosapsatira kuti ndi mphumu ija komanso mmene mapapo avulalira, amayiwa asadzapumenso fumbi la khola la mbalame. Mayiwo, atakhala m'mphepete mwa bedi, ataonda, anamanga duku lawo pang'onopang'ono n'kulankhula.

"Ine ndikupita kwa mwana, abambo. Mapanga awiri avumbwitsa. Mukasankha, mundiuza."

A Chidindo anasankha, koma anasankha mochenjera. Anali ndi mnzawo wakale, dokotala wa ziweto wopuma, amene ankakhala pa famu ulendo wa maola anayi pa basi. Mnzawoyo anavomera kuzilandira nkhundazo, kuzipatsa mankhwala ndi kuzitsekera mpaka zitazolowera. Anazinyamula m'madengu, Kaphulusa ali m'dengu lake lomwe lija. Atabwerako anavala masiki ndi magolovesi, kuwaza madzi khola lonse, madzi omwe aja ooletsa matabwa, kuliphwasula, kuotcha matabwa, kukwirira zitosi. Msana sunawavute n'komwe, zodabwitsa.

Patatha masabata atatu anaimba foni ndi mawu a kuntchito: pakhomo payezedwa, pali bwino, amayi abwere Loweruka m'mawa. Lachisanu anakolopa nyumba yonse, kupukuta makina osokera, kugula sopo watsopano.

Loweruka kutangocha anadzutsidwa ndi phokoso lodziwika. Kukuu, kukuu. Anatuluka ndi kabudula. Padenga, pa chingwe choyanikira zovala, pa malo a phulusa pamene panali khola, zinali mbwee. Anawerenga, poti kuwerenga anazolowera: makumi awiri ndi ziwiri, zonse zimene anapititsa. Foni inalira, mnzawo uja: "Achimwene, ndinangoti ndizitsegulire dzulo ziwothereko dzuwa, poti zimaoneka ngati zazolowera. Mankhwala anali asanathe. Kodi zafika?"

Zinali zitafika. Ndipo chochititsa manyazi, chimene a Chidindo sanadzauzepo munthu, n'chakuti mtima wawo unayamba wadumpha ndi chimwemwe. Maola anayi a basi! Osasochera ndi imodzi yomwe! Kaphulusa anatera paphewa pawo n'kuyamba kuwajompha khutu, ndipo m'maso mwa bamboyo munalengeza misozi.

Ali chomwecho, galimoto linaima pageti.

Mayi aja sanatsike. Anatsitsa galasi pang'ono, kuyang'ana denga, kuyang'ana chingwe chawo choyanikira, kenaka kuyang'ana amuna awo ali ndi kabudula, nkhunda paphewa.

"Amayi, zabwera zokha," anatero a Chidindo akuthamangira kugeti. "Ndikulumbira, ndinazipititsa. Khola ndinaotcha, taonani phulusa."

"Ndikuona, abambo. Eni nyumba abwerera." Anatsokomola pang'ono, n'kugwira mkono wa mwana wawo. "Tiye mwanawe, ife alendo tisawasokoneze."

Galasi linakwera, galimoto linabwerera chambuyo. Kuseri kwa mpanda kunamveka mawu a aneba, akulankhula ngati akuuza nkhumba zawo: "Paja amati choipa chitsata mwini."

A Chidindo anakhala pa sitepe mpaka dzuwa linafika pamutu. Anaganiza zozipititsa kutali kwambiri, koma anali iwo omwe amene anaziphunzitsa kubwerera. Anaganiza zosiya kuzidyetsa, koma ankadziwa kuti zingokhala padenga kudikira kamluzu. Lamulo ankalidziwa bwino, analigwiritsa ntchito pa ng'ombe za anthu osauka kambirimbiri, eni ake akugwada. Koma panali chinthu chimodzi chimene msewu wonse sunkachidziwa. Pa zaka zonse zija kophera ng'ombe, a Chidindo sanaphepo kanthu, ngakhale nkhuku. Ophawo anali ena. Iwo ankafika zonse zitatha, jekete lili loyera.

Anavala buluku, kutenga chipewa m'manja, n'kukagogoda pageti limene sanaligwirepo chiyambire.

Aneba anatsegula, ndowa ya zakudya za nkhumba ili m'manja. Kumbuyo kwawo, pakhonde, pa mpando wansalu, panagona mphaka wakuda wa khutu long'ambika, atanenepa.

"Anabwerera tsiku lachiwiri," anatero aneba ataona kumene maso a bamboyo apita. "Nayenso sasochera. Kungoti iye ndi wanzeru, anadziwa geti loyenera kulowa. Mwabwera ndi kalata yachisanu ndi chinayi?"

"Ayi, mayi." Chipewa chinkazungulira m'manja. "Ndabwera kudzapempha. Inu mumadziwa kupha ziweto. Ine sindidziwa."

Mayiwo anawayang'ana nthawi yaitali. Akanatha kuseka, ndipo msewu wonse ukanawakhululukira. Koma anaika ndowa pansi n'kupukuta manja pa epuloni.

"Kukusonyezani ndikusonyezani, dengu ndikugwirirani. Koma dzanja likhale lanu, a Chidindo. Si ine ndinawatuma amayi aja kukasesa."

Anavala masiki onse awiri. A Chidindo anakumba dzenje lakuya kuseri, pafupi ndi phulusa lija, kenaka anaima pakati pa bwalo, mapira m'dzanja, n'kuimba kamluzu. Mluzu unatuluka wopotoka, koma nkhunda zinamva. Zinabwera zokha, pamapewa, pamikono, monga mwa masiku onse. Panalibe yothamangitsa. Chimenecho ndicho chinawapweteka koposa, ndipo analira poyera, masiki itanyowa, aneba akuyang'ana kumbali. Kaphulusa anali womaliza.

Atakwirira dzenje anatsuka bwalo, denga ndi chingwe choyanikira. Dengu lija analiviika m'madzi a mankhwala n'kuliyanika. Kenaka anaimba foni kwa mwana wawo n'kunena kuti zatha, ulendo uno zatheratu. Anamva mwanayo akufotokozera amayi ake chapansipansi, kenaka anabwereranso pa foni.

"Akuti nanga mphaka wawo?"

Choncho madzulo a tsiku limenelo anthu a mu minibasi anaona bambo wachikulire wovala bwino, maso ofiira, atafungatira dengu la nkhunda momwe munkalira mphaka. Pomulowetsa m'dengumo mphakayo anali atawakanda padzanja.

Anakwera masitepe a nyumba ya mwana wawo n'kugogoda. Anatsegula ndi mayi aja, atafunda juzi, singano ili pa kolala. Anavundukula dengu, mphaka analumphira m'manja mwawo, ndipo anamukumbatira n'kumamunong'oneza zinthu zimene amuna awo sanazimve. A Chidindo anaima pakhomo, osadziwa ngati aloledwa kulowa. Anali atakonza mawu ambiri m'minibasi muja, opepesa, ofotokoza, koma onse anawathawa. Anangotambasula dzanja kuti agwire la akazi awo.

Mayiwo analiyang'ana dzanjalo, mikwingwirima ya mphaka, dothi la dzenje lili m'zikhadabo.

"Mwasamba m'manja, abambo?"

"Ndasamba, amayi."

"Ndi sopo?"

Mayiwo anasuntha pang'ono pakhomopo, n'kuwalozera kumene kunali sinki.